Chimbozi chanyanga cha m'munda wa mbatata n'cha gulugufe uti?

Mayi wina wa ku Ntcheu wanditumizira imelo yofunsa za chimbozi chimene anachipeza akuthyola kholowa. Akuti chinali chobiriwira, chachitali kuposa chala chapakati, cha mizere yopendekeka m'mbali ndiponso nyanga kumchira, ndipo akufuna kudziwa dzina lake komanso ngati nyangayo ili ndi ululu.

Mayi, mtima ukhale m'malo, chifukwa nyangayo ilibe ululu ndipo siibaya. Mbozi zambiri za nyanga imodzi kumchira ndi ana a agulugufe ausiku a m'banja la Sphingidae, limene lili ndi mitundu yoposa 1,400 padziko lonse. Popeza yanuyo mwaipeza ikudya kholowa, ndikukhulupirira kuti ndi Agrius convolvuli, mtundu umene katswiri wa sayansi ya zamoyo wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anaufotokoza m'chaka cha 1758.

Chimene ndikukupemphani n'chakuti musadalire kubiriwira kwake, pakuti pamzere umodzi wa mbatata mungapeze ina yobiriwira, ina yabulauni, ina yoderako ndithu, koma zonsezo zili mtundu umodzi. Zodalirika ndi ziwiri, chomera chimene mboziyo ikudya ndi kapangidwe ka nyanga yake. Nyanga ya mbozi ya mbatata imakhala yosalalako ndipo imapindikira kumbuyo kamodzi kokha ngati munga. Kwanuko, kumene kachewere amalimidwa kwambiri, mungakumanenso ndi mbale wake wotchedwa Acherontia atropos, amene mbozi yake imakonda masamba a kachewere ndi zomera za m'banja limenelo, imatha kufika masentimita 12, nthawi zambiri imakhala yachikasu kapena yobiriwira ya mizere yabuluu, ndipo nyanga yake ndi yokhakhala, yokhota kawiri ngati chilembo cha S. Gulugufe wake ndi uja wa chithunzi chonga chigaza pamsana, amene amalira akagwidwa ndiponso amalowa m'ming'oma kukaba uchi.

Kuti mutsimikize, iweteni mboziyo. Ikani dothi lofewa lakuya ngati chikhatho m'ndowa, muziipatsa kholowa watsopano tsiku lililonse, ndipo pamwamba muphimbe ndi nsalu yopyapyala. Tsiku lina idzasiya kudya, idzayendayenda mosakhazikika, kenako idzalowa m'dothi. Pakatha sabata, mukafukula mosamala mudzapeza yasanduka kanthu kolimba kofiirira, ndipo ngati ndi Agrius, kumutu kwake kudzakhala kachubu kopindika konga chogwirira cha kapu, mmene mumakhala mlomo wa gulugufe amene akupangika. Wa chigaza uja alibe chogwirirachi, poti mlomo wake ndi waufupi. Ine nditakaona koyamba kanthu kameneka pokumba mbatata, kakugwedeza mchira pachikhatho changa, ndinakhala kanthawi khasu lili pansi.

Nyengo ikakhala yotentha, gulugufe amatuluka pakadutsa pafupifupi masabata atatu. Mapiko ake ndi otuwa ngati khungwa la mtengo, moti akatera pakhoma lamatope kapena pathunthu simungamuone msanga, koma akawatambasula amafika masentimita 8 mpaka 12, ndipo pamimba pamaoneka mizere yapinki ndi yakuda yosinthanasinthana. Mlomo wake, umene amaukulunga akapuma, ndi wautali kuposa thupi lonse, ndipo ndi umene umamuthandiza kuyamwa timadzi ta maluwa akuya ngati a fodya, ali lende mumlengalenga dzuwa litangolowa. Agulugufe amenewa ndi amphamvu zedi pouluka, mwakuti ena ochokera ku Africa amakafika mpaka ku Britain.

Za kumunda, sindikulangizani kupopera mankhwala chifukwa cha mbozi ziwiri kapena zitatu, makamaka pamasamba amene madzulo ake mukaphika ndiwo. Yang'anani zitosi zakuda zikuluzikulu pansi pa masamba odyeka, tsatirani tsinde, ndipo mboziyo muichotse ndi manja. Zaka zina zimabuka zambiri n'kupulula munda wonse, ndipo zikatero mpamene mungaitane mlangizi wa zaulimi. Mukapezanso ina, ndijambulireni nyanga yake chakumbali pamodzi ndi tsamba limene ikudya.