Mukufufuza mbiri ya masamu a ana muli ku Mzuzu: muyambire pati?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa pulayimale kuno ku Mzuzu, amene akuchitanso digiri ku Mzuni. Mwachidule akuti: "Ndikufuna kulemba za momwe ana akumpoto ankaphunzirira masamu kale, komanso momwe mutu wa mwana umagwirira manambala. Ondiyang'anira akuti ndipeze zolemba zakale. Zili kuti zimenezi, nanga ine wopanda ndalama ndizifikira bwanji?"

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Koma ndikuuzeni mosabisa, mwasenza mitolo itatu pamutu umodzi: mbiri, masamu, ndi kakulidwe ka nzeru za ana. Tulani ina. Sankhani sukulu imodzi kapena ziwiri, musankhenso zaka zochepa. Ndikanakhala ine ndikanatenga Ekwendeni, kumene mishoni inayamba mu 1889 ndipo n'kongokwera minibasi kamodzi, n'kuyang'ana zaka za kuyambira 1950 kufika 1971. Mzuzu weniweniyu ndi watsopano pa nkhani ya sukulu. Anakula chifukwa cha minda ya tung (mitengo yotulutsa mafuta) chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo anasanduka mzinda mu 1985.

Chaka cha 1971 sindinangochitola. M'chaka chimenecho kunabwera kwacha ndi tambala, ndipo masamu a mwana anasintha. Kale mwana ankayenera kudziwa kuti mapeni 12 ndi sheleni imodzi, masheleni 20 ndi paundi imodzi. Pophatikiza ndalama, mzere wa mapeni ankasamutsa akafika 12, mzere wa masheleni akafika 20, pomwe pa manambala wamba ankasamutsa akafika 10. Onjezanipo mainchesi 12 pa futi ndi mafuti atatu pa yadi. Mwana wa zaka khumi ankasunga malamulo onsewa m'mutu, akulemba pa sileti yoti akafufuta palibenso chobwererapo. Kodi ankamvetsa kapena ankangoloweza? Nanga amene ankatumidwa kumsika ndi tiki (mapeni atatu) m'manja ankaposa anzake? Funso lotere limagwira masamu, mwana ndi mbiri nthawi imodzi, ndipo likhoza kuyankhika m'pepala la digiri.

Tsopano mapepala. Ambiri ali ku Zomba, ku National Archives of Malawi, imene inayamba mu 1947. Musayembekezere zambiri za boma za zaka zoyambirira, chifukwa moto unatentha maofesi a Secretariat, likulu la boma la atsamunda, mu 1919. Ndiponso boma la atsamunda linachedwa kulowerera pa maphunziro: Phelps-Stokes Commission, gulu lodzafufuza za maphunziro mu Africa, inabwera mu 1924, ndipo dipatimenti ya maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926. Zisanafike zimenezi, sukulu zinali m'manja mwa mishoni. Mwayi wanu ndi wakuti zolemba za Livingstonia Mission zilinso ku Zomba komweko, ndipo ndi mishoni imeneyi imene inatsegula sukulu ya Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894 pansi pa Robert Laws. Mukafika, funsani malipoti apachaka a dipatimenti ya maphunziro, masilabasi, mapepala a mayeso ndi malipoti a oyendera sukulu.

Ulendo wa ku Zomba ndi wodula, choncho musanyamuke chimbulimbuli. Alembereni kaye, muwauze mutu wanu ndi zaka zake, mufunse za chilolezo, malipiro, ndi ngati amalola kujambula ndi foni. Tengani kalata yochokera ku dipatimenti yanu. Ndipo fayilo iliyonse imene mwatsegula, lembani nambala yake musanawerenge chilichonse. Ophunzira ambiri amabwerako ndi mawu okoma koma osadziwa kuti anawatenga m'fayilo iti, ndiye mawuwo amakanidwa.

Zina zili kutali. Makalata ambiri a amishonale a ku Scotland ali ku National Library of Scotland ku Edinburgh, ndipo makalata a pakati pa Zomba ndi London ali ku National Archives ya Britain ku Kew, m'gulu la mafayilo lotchedwa CO 525. Pa digiri yoyamba musazivutikire. Mukadutsa ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ndi yoyenera tsiku limodzi. Za laibulale ya Mzuni mukudziwa kale kuti inapsa mu Disembala 2015, choncho buku lakale limene wina akukuuzani kuti analiona kumeneko, kafunseni kaye ngati lilipobe.

Koma pali chinthu chimene ndikufuna muchimvetse musanawononge ndalama. M'mafayilo onsewa amalankhula ndi akuluakulu: mmishonale, woyendera sukulu, bwanamkubwa. Woyendera akalemba kuti ana ndi ofooka pa masamu, sakuuzani kuti mwanayo ankaganiza chiyani, kapena ngati anafunsidwa m'chilankhulo chimene ankachimva. Ana amenewo alipo, ndi agogo athu. Amene anali m'kalasi mu 1960 lero adutsa zaka 70, ndipo mudzawapeza ku Ekwendeni, ku Katawa, ku Chibavi, ngakhale kutchalitchi kwanu komwe. Yambani ndi iwowa, Zomba pambuyo.

Musawafunse kuti "munkaphunzira bwanji masamu", adzangokuuzani za chikwapu. Apatseni pepala, muwapemphe aphatikize mapaundi, masheleni ndi mapeni akulankhula mokweza. Mvetserani kuti akuwerenga m'chilankhulo chanji, akugwiritsa ntchito zala kapena ayi, matebulo akuwaimba motani. Afunseni za Sub A ndi Sub B, makalasi amene ankayambira asanafike Standard 1. Afunseninso za 1968, pamene Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi: mwana wa ku Mzimba anazimva bwanji m'kalasi? Mukatero pitani kwa ahedi a sukulu imene mwasankha, mupemphe kuona log book (buku la zochitika za pasukulu) ndi kaundula wakale. Nthawi zambiri zimakhala pansi pa kabati, chiswe chitayamba kale kulawa. Zijambuleni, musazichotse pasukulu.

Pa za nzeru za ana, aphunzitsi anu a ku Mzuni adzakutumizani kwa Jean Piaget, katswiri wa kaganizidwe ka ana. Muwerengeni, koma kumbukirani kuti ana amene iye ankawayesa anali a ku Geneva. Ndi vuto lomweli limene linachititsa kuti ofufuza apange Malawi Developmental Assessment Tool, imene inasindikizidwa mu 2010, yoyesera kakulidwe ka ana aang'ono pogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa kumudzi kuno amazidziwa. Siyesa masamu a kusukulu, komabe werengani momwe anaipangira, muonapo nzeru. Onaninso zolemba za Paulus Gerdes wa ku Mozambique, amene anafufuza masamu obisika m'kuluka madengu ndi m'zojambula za pamchenga. Mukamuwerenga, bawo mudzaiona ndi maso ena.

Ngati mukufuna kuyesanso ana a lero kuti muyerekeze, pamenepo pali lamulo. Pamafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ku yunivesite yanu, cha ofesi ya maphunziro, cha ahedi, ndi cha makolo, ndipo mayina a ana salembedwa m'pepala. Musayese ana a m'kalasi mwanu, chifukwa mwana sangakane aphunzitsi ake. Zilolezozi zimatenga nthawi, ndiye kapempheni teremu ino, ndipo podikira yankho muzilemba makalata a ku Zomba.