Geni ya Guzmania, poti mwafunsa

Achemwali, mwafunsa kuti maluwa ofiira a m'miphika aja timawolotsa bwanji pa boda osalandidwa. Ndiyamba ndi chomeracho, poti wosachidziwa amaluza ngakhale mapepala ali bwinobwino.

Guzmania lingulata kwawo ndi kunkhalango zamvula za ku Central ndi South America, komwe imamera panthambi za mitengo. Ndi ya banja limodzi ndi chinanazi. Koma yomwe timagulitsayi sichokera kutchire ayi, imachokera kumanazale, ndipo akatswiri ake ambiri ali ku Netherlands ndi Belgium. Chofiira chimene makasitomala amachithamangira chija si duwa, ndi masamba osintha mtundu. Timaluwa take n'tating'ono, tobisala pakati. Imafiira kamodzi kokha, kwa miyezi ingapo, kenako mayiyo amafota n'kusiya ana patsinde. Ndiye pooda, tengani zimene zangoyamba kumene kufiira. Zofiira psuu zija zimakopa maso, koma masiku ake apita kale, zidzakufoterani m'manja.

Mapepala ndi awiri. Chilolezo cholowetsera zomera mumatenga ku ofesi ya zaulimi ya dziko lanu, ndipo mutenge musanapereke ndalama kwa wogulitsa, osati katundu ali kale pa boda. Phytosanitary certificate imachokera kudziko komwe mwagula, yotsimikiza kuti zomerazo zayezedwa. Msonkho ndi nkhani ina, ya a kasitomu. Dothi mayiko ambiri amalikana, choncho onetsetsani kuti mumphika muli makungwa kapena makoko a kokonati. Musanapakire, suzumirani m'mapindo a masamba: mukaona tizilombo toyera ngati thonje, siyani, chifukwa woyendera zomera wa pa boda akapeza tizilomboto katundu yense amatsala. Wogulitsa akakuikirani Tillandsia xerographica, chomera china cha banja lomweli, ngati basera, dziwani kuti imeneyo imafuna chilolezo cha CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zomwe zingathe kutha chifukwa cha malonda, pamene Guzmania safuna.

Paulendo, khuthulani madzi a pakati pa masamba, kulungani chilichonse m'pepala, muimike chilili m'katoni. Chisanu chimaiwononga, kutentha kwa pafupi ndi injini nakonso. Ine ulendo wina ndinakhulupirira kondakitala, makatoni anagona chammbali usiku wonse, theka ndinataya.

Wogula muzimuuza kuti madzi athire pakati pa masambapo, makamaka a mvula, ndipo asaiike padzuwa lamphamvu. Mayi akafota asataye mphika; anawo akafika cha theka la msinkhu wa mayi wawo, awadule awabzale paokha.