Kodi zopanga ndi makatoni ndi zitini zingakudyetse?

Kalata ya lero yachokera kwa mtsikana yemwe anamaliza sekondale zaka ziwiri zapitazo. Akuti magiredi sanakwane kuti alowe kozi ya unamwino, bambo ake akufuna abwereze mayeso kachitatu koma iye mtima suliko. Chomwe amakonda nkupanga tinthu ta mnyumba, mabokosi a makatoni okutidwa nsalu osungiramo zovala, zitini zoikamo mapeni ndi masipuni, mabotolo ozengeredwa ulusi oikamo maluwa. Anzake pa WhatsApp akumuuza kuti ndi interior designer kale, kutanthauza katswiri wokonza maonekedwe a mkati mwa nyumba. Ndiye akufunsa, nditsate zimenezi kapena ndingomvera bambo?

Makalata otere amabwera pafupipafupi, wina ndi kuluka wina ndi kujambula, koma nkhani imakhala yomweyi.

Ndiyambe ndi iwe mwanawe, ndipo usakwiye. Mwa anzako omwe amaika timitima pa status yako aja ndi angati anatulutsapo ndalama nkugula? Kuyamikira sikulipiritsa. Ndipo iwe mwini maso ako sungawadalire kwenikweni pa chinthu chomwe wapanga wekha. Mu 2012 akatswiri atatu, Michael Norton, Daniel Mochon ndi Dan Ariely, anafalitsa kafukufuku yemwe anaonetsa kuti munthu amachiwona cha mtengo wapatali chinthu chomwe wapanga ndi manja ake ngakhale chikhale chokhota. Anthu anawapatsa mapepala kuti apinde tinyama, tinatuluka tosaoneka bwino, koma eni ake ankatiika pa mtengo pafupifupi wofanana ndi umene anthu ena anaika pa topindidwa ndi akatswiri. Ndiye bokosi lako kwa iwe ndi lokongola basi, wogula sakudziwa kuti unagona 12 koloko ukulimata, iye akuona guluu wotuluka pakona.

Za interior designer zo iwala kaye. Ntchito imeneyo ndi ya kuyeza chipinda, kujambula pulani pa sikelo ngati 1:50, kudziwa za magetsi ndi kuwala, kuwerengera bajeti ya kasitomala, ndipo masiku ano mapulogalamu a pa kompyuta ngati AutoCAD kapena SketchUp. Masamu a ku sukulu aja akukudikira komweko. Kukuta chitini ndi nsalu sikunakufikitse pamenepo, olo pang'ono.

Koma sindikunena kuti zomwe ukuchitazo nzachabe ayi. Zikusonyeza kuti manja ako amamva, ndipo munthu wotere ine ndimamutumiza ku sukulu ya ntchito zamanja mosakayika, akaphunzire ukalipentala, kusoka kapena kukuta mipando. Chifukwa chake nchoti kumeneko nkomwe umaphunzira kusiyana kwa chinthu chongooneka bwino pa chithunzi ndi chinthu chokhalitsa. Tenga katoni lomwelo. Ukaliyang'ana m'mbali mwake uona timizere topindikapindika pakati pa mapepala awiri, mphamvu yake yonse ili mmenemo, timizereto tikaima chilili khoma la bokosi limanyamula katundu, tikagona chopingasa limabwafuka pakangopita masabata ochepa. Ambiri omwe amaonera mavidiyo a pa TikTok sadziwa zimenezi, amangodula mmene katoni lagwera. Chitini nacho, mkamwa mwake muja ngati sunasalaze ndi felo kapena kukhomerera ndi hamala chidzacheka mwana wa kasitomala chala, ndipo ukachipenta osayamba wapaka penti woyamba woteteza dzimbiri, chikangokhala malo onyowa madontho ofiira ayamba kutuluka. Botolo la galasi lofuna kupentedwa uyambe walipukuta ndi spiriti kuti mafuta a zala achoke apo ayi penti amasendeka. Guluu naye sikuti aliyense amagwira paliponse, woyera uja wa matabwa amagwira bwino pepala, nsalu ndi thabwa koma pa pulasitiki wa zigubu, amene pansi pake pamalembedwa 2 kapena 5 mkati mwa timivi titatu, amangomatuka, ngakhale wotentha uja wa mfuti amavutika napo, bola kuboola nkumanga ndi ulusi kapena waya. Munthu amene waphunzira bwino zinthu ngati izi, mawa akupanga mashelefu, makatani, makushoni ndi makabati, ndipo zimenezo nzomwe anthu amalipira ndalama zooneka. Tizitini timabwera ngati zowonjezera.

Tsopano inu bambo. Kachitatu? Mwana walemba kawiri zotsatira nzomwezo, inu mukuganiza kuti chaka chino chisintha nchiyani, kupatula ndalama zomwe mutaye ndi zaka zake zomwe zikupita? Makolo ambiri mumafuna yunifolomu yoti mukanyadire kwa anzanu, osati ntchito yoti mwana akwanitse, ndipo zimanditopetsa kunena zomwezi chaka ndi chaka. Unamwino ndi ntchito yabwino koma yolemetsa, odwala safuna namwino wochita kukankhidwa. Ndalama ya fizi yobwerezera ija mukaiika pa kozi ya ntchito zamanja ndi zida zoyambira, tepi yoyezera, sikweya, lumo labwino la nsalu, mwina mungaone phindu lake.

Nawenso mwanawe zaka ziwiri wangokhala pakhomo ukudikira kuti zinthu zichitike zokha, bambo ako akuda nkhawa ali ndi chifukwa. Ukufuna akukhulupirire, aonetse manambala. Sankha chinthu chimodzi, chimodzi chokha, mwachitsanzo bokosi losungiramo zinthu, upange khumi ofanana kukula ndi maonekedwe, apa mpomwe uone ngati umadziwa kuyeza. Lemba mu kope ndalama ya nsalu, guluu, ulusi, komanso maola omwe bokosi limodzi lakudyera, chifukwa ambiri amati katoni ndatola laulere nkuiwala kuti nthawi yawo nayo ili ndi mtengo, mapeto ake amagulitsa moluza ali kusekerera. Uwajambule masana pafupi ndi windo, kumbuyo kukhale koyera. Kenako ukawagulitse kwa anthu osakudziwa, azakhali ndi anzako a mkalasi asawerengedwe.

Akagulidwa onse khumi pa mtengo woti watsala ndi kenakake, tenga kope lija ndi zithunzi ukakhale pansi ndi bambo, fomu ya sukulu ya ntchito zamanja ili mmanja. Akagulidwa awiri okha, funsa omwe anakana aja chomwe sichinawasangalatse, ukonze, uyesenso. Mwayi ulipo ndithu, sindikukana, koma pa miyezi itatu ikubwerayi foni ichepe, tepi yoyezera ichuluke.