Aphunzitsi afunsa: ngati intaneti ilibe mwini, anaitseka ndani tsiku la masankho?

Kalata ya sabata ino yabwera pa imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena opuma ntchito a ku Chadiza. Dzina lawo ndalisunga. Alemba motere:

"Mwanawe, mdzukulu wanga wa ku koleji akuti intaneti ilibe mwini, ndipo palibe boma lingailamulire. Ndinamufunsa kuti nanga tsiku la masankho mu 2021 anaitseka ndani? Sanandiyankhe zomveka. Tsopano tikumva za malamulo atsopano, ndipo anzathu ena atuluka m'gulu la kumpingo la pa WhatsApp poopa kumangidwa. Kodi nanenso ndituluke? Nanga masankho akubwerawa adzatsekanso?"

Aphunzitsi, zikomo. Mdzukuluyo musamudzudzule, sananame. Kungoti walongosola za kumwamba, pomwe inu mumafunsa za pansi pano.

Kumwambako zilidi monga wanenera. Palibe munthu, kampani kapena dziko limene intaneti ndi yake. Pali mabungwe amene amangosunga dongosolo. ICANN, imene ili ku Los Angeles, imayang'anira mayina a masamba, kuti dzina lothera ndi .zm lidziwike kuti ndi la Zambia ndipo la .mw ndi la Malawi. AFRINIC ya ku Mauritius imagawa manambala a makompyuta mu Africa muno. ITU ya ku Geneva ndi kumene maiko amagwirizana za mafunde a wailesi ndi mafoni. Palinso msonkhano wa chaka ndi chaka wotchedwa Internet Governance Forum, umene unayamba ku Athens mu 2006. Kumeneko anthu amakambirana, koma sapanga lamulo lomanga dziko lililonse. Mwa onsewa palibe amene angazimitse foni yanu ku Chadiza.

Amene angathe ali pafupi. Chithunzi cha mdzukulu chikachoka kunja, chimadutsa m'zingwe za pansi pa nyanja zimene zimatulukira ku Dar es Salaam, ku Maputo kapena ku Swakopmund, popeza ife nyanja tilibe. Kuchoka apo chimayenda m'zingwe za pamtunda, zina zomangidwa pa mapolo a magetsi a ZESCO, mpaka chifike pa tawa ya pafupi ndi kwanu. Tawayo ndi ya kampani, kapena kampani imachita lendi, ndipo kampaniyo, kaya ndi MTN, Airtel kapena Zamtel, imagwira ntchito ndi laisensi yochokera ku ZICTA, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009. Msewu ndi wa aliyense, inde, koma milatho yolowera kwathu kuno ndi yowerengeka, ndipo mlatho uliwonse uli ndi mlonda amene chikalata chake cha ntchito chinasainidwa ku Lusaka. Wopereka laisensi akalankhula, wolandira laisensi amamva.

Mukafuna kuona ndi maso kuti netiweki ili ndi malire, kwerani galimoto kupita ku Mwami. Musanadutse n'komwe pachipata, foni imatha kulira ndi uthenga wokulandirani ku Malawi. Tsiku lina ndinaimbira mlamu wanga nditaimirira pa dothi la Zambia, osadziwa kuti foni yagwira tawa ya ku Mchinji, ndipo talk time yonse inatha tisanamalize kupatsana moni. Mafunde sadziwa malire, koma mitengo ndi malamulo zimawadziwa bwino. Mbali ino ndi ZICTA, mbali inayo ndi MACRA, bungwe longa ZICTA la ku Malawi.

Tsono tibwere pa 12 Ogasiti 2021. Linali Lachinayi. Anthu anali atadzuka usiku kukaima pamizere, ndipo m'mawa wonse zithunzi za zala zodinda inki zinali mbwee pa mafoni. Dzuwa litapendeka, WhatsApp inangoti zii. Uthenga ukaulemba umakhala ndi kawotchi kaja kosatha. Facebook, Messenger, Instagram ndi Twitter nazonso chimodzimodzi. Poyamba aliyense anaganiza kuti bundle yatha. Pamene ndinali ine, mayi wina wogulitsa nshawa pa msika wa Kapata anazimitsa foni n'kuiyatsa katatu, kenako anatuma mwana kukagula bundle ina. Amayembekeza chithunzi cha lisiti kuchokera kwa dalaivala amene anamutumiza ndi matumba ku Lusaka. Iye za ndale sanazilankhulepo tsiku lonse. Anangofuna kudziwa ngati katundu wafika. Achinyamata anali atayamba kale kugawana ma VPN, mapulogalamu ozembera kutsekako, foni ndi foni, koma mayiyo ndi anzake a msinkhu wake anangokhala manja m'khosi mpaka Loweruka.

Taonani bwino apa, Aphunzitsi: kuimba foni wamba ndi SMS zimagwira, masamba ena a pa intaneti amatseguka. Chingwe chikaduka pansi pa nyanja sichisankha kuti ichi chidutse, ichi chitsale. Kusankha koteroko kumachitika m'makina a makampani, munthu atalamula. Bungwe la NetBlocks, limene limayeza zoterezi padziko lonse, linatsimikiza tsiku lomwelo kuti kunali kutseka kwadala.

Chimene ndimafuna kuti mdzukulu wanu adziwe ndi chimene chinachitika m'mawa mwake. Bungwe la Chapter One Foundation, lotsogozedwa nthawiyo ndi a Linda Kasonde amene anakhalapo mtsogoleri wa bungwe la maloya la Law Association of Zambia, linathamangira ku High Court ku Lusaka kukasumira ZICTA. Pa 13 Ogasiti khothi linalamula kuti atsegule. Mlandu sunathere pomwepo. Mu Malichi 2022 mbali ziwirizo zinasainirana chigwirizano pamaso pa khothi, chimene chili ndi mphamvu ngati chigamulo. ZICTA inavomera kuti sidzachitanso kanthu kopyola mphamvu zimene lamulo linaipatsa kosokoneza intaneti, ndiponso kuti intaneti ikasokonezeka idzauza anthu chifukwa chake pasanathe maola 36. Ambiri amene anadandaula tsiku lija sadziwa kuti pepala limeneli lilipo. Ine ndimaliona ngati chuma. Ku Zimbabwe nakonso, mu Januwale 2019, ndi khothi limene linagamula kuti nduna imene inalamula kutseka intaneti inalibe mphamvu yotero.

Ndiye adzatsekanso? Chotsekera chikadalipo, palibe anachizula. Anansi anu a ku Mozambique, kungodumpha malire kuchoka kwanuko, anaona intaneti ya pa foni ikuzimitsidwa pambuyo pa masankho a mu Okutobala 2024. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno amene angayese kutero mu Ogasiti 2026 adzakhala akuponda chigwirizano cha kukhothi, ndipo alipo maloya odziwa kale njira ya ku High Court. Koma pepala limagwira ntchito ngati anthu akulidziwa. Likangogona m'kabati, chiswe chimadya.

Za malamulo atsopano, nkhani yake ndi iyi. Mu Malichi 2021 a Edgar Lungu anasaina Cyber Security and Cyber Crimes Act. A Hakainde Hichilema, amene nthawiyo anali kotsutsa, analidzudzula kuti ndi lamulo loipa lotsekera anthu pakamwa. Atalowa m'boma anachotsa mlandu wonyoza Pulezidenti mu Disembala 2022, ndipo pamenepo tinaomba m'manja. Koma mu Epulo 2025 anasaina malamulo awiri olowa m'malo mwa lija la 2021, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Boma likuti cholinga ndi kugwira akuba a pa foni, ozunza ana ndi ofalitsa zamanyazi za anzawo, ndipo likuti palibe amene adzamvetsera foni ya munthu popanda chilolezo cha khothi. Otsutsa malamulowa, kuphatikizapo Law Association of Zambia, akuti mawu ena ndi otambalala kwambiri moti angakole aliyense, ndipo akudandaula kuti bungwe latsopano la Zambia Cyber Security Agency laikidwa pansi pa ofesi ya Pulezidenti. Ngakhale ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka inachenjeza nzika zake za lamuloli mwezi womwewo.

Maganizo anga ndi awa. Lamulo lolimbana ndi akuba tikulifuna. Ndani kuno sanalandirepo uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi"? Ndikudziwa agogo amene anataya ndalama yonse ya chimanga chifukwa cha munthu woimba foni modzitcha wa ku kampani, wofunsa PIN mwaulemu ngati mwana wa m'nyumba. Anthu otere agwidwe. Koma walira mvula walira matope. Makina omvetsera mbava ndi omwewo angamvetsere mtolankhani, wansembe kapena phungu wotsutsa. Ndiye funso langa si lakuti Pulezidenti uyu ndi wabwino kapena woipa. Funso ndi lakuti kiyi ali ndi ndani, ndipo amene ali ndi kiyiyo amayankha kwa yani. Mpando uja anthu amasinthana. Taona kale mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021. Lamulo limene ukulemba lero uli pampando, udzalipeza likukudikira tsiku limene watsika. N'chifukwa chake ndikanakonda bungwe lija la Zambia Cyber Security Agency likanaima palokha, n'kumapereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka, kunena kuti zilolezo zomvetsera zinapemphedwa zingati ndipo khothi linakana zingati.

Tsopano gulu lanu la kumpingo. Musatuluke, Aphunzitsi. Kuyambira 2016 mauthenga a pa WhatsApp amatsekedwa ndi loko amene amatseguka pa foni ya wotumiza ndi ya wolandira basi. Kampani ya netiweki imaona kuti foni yanu ikugwiritsa ntchito WhatsApp, nthawi yanji, pa tawa iti, koma mawu enieniwo siiwerenga. Kuimba wamba ndi SMS zilibe loko wotere, ndipo kumbukirani kuti SIM yanu inalembetsedwa ndi NRC yanu. Pa gulu, chibowo chenicheni si makina a ku Lusaka. Ndi munthu wa m'gulu momwemo amene amajambula zimene mwalemba n'kuzitumiza kwina, kapena foni imene yagwera m'manja mwa wina ilibe PIN. Choncho lembani zimene munganene mutaimirira pa msonkhano wa kwa amfumu. Kudandaula kuti feteleza wachedwa, kuti mlatho sunakonzedwe, kuti kuchipatala kulibe mankhwala, umenewo ndi ufulu wanu wa m'Malamulo Aakulu a dziko. Chopewa ndi kupititsa uthenga woneneza munthu za ufiti, chigololo kapena kuba popanda umboni, kutukwana mtundu wa anzathu, ndi kutumiza zithunzi zamaliseche. Zimenezo ngakhale kusanabwere mafoni zinali milandu pabwalo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti anzanu atuluka popanda wowathamangitsa. Gulu lija ndi limene limalengeza maliro, limasonkhetsa chopepesa, limauza anthu tsiku la sikelo. Mantha akalitha, ndiye kuti latsekedwa popanda wina kugwira switch. Kawaitaneni abwerere.

Musaganizenso kuti mawu a anthu wamba sapita patali pa nkhani zimenezi. Mu Ogasiti 2018 boma linalengeza msonkho wa 30 ngwee pa tsiku kwa oimba foni kudzera pa WhatsApp, Skype ndi Viber, ponena kuti makampani a mafoni akutaya ndalama. Anthu anakana mokweza, pa wailesi ndi pa intaneti pomwepo, ndipo msonkhowo sunayambe. Ku Uganda chaka chomwecho wofanana nawo unayamba, wa 200 shillings pa tsiku, ndipo anthu anaulipira mpaka 2021.

Pali kutseka kwina kumene sikufika kukhothi, ndipo inu a ku Chadiza mukukudziwa kuposa ine. Ndi kuja kokwera pachulu kuti foni igwire kamzere kamodzi. Ndi kuja kwa mu 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, magetsi akumapita tsiku lathunthu, mabatire a pa tawa n'kutha, pa booth n'kukuuzani kuti "netiweki palibe, bwerani mawa" ndalama yanu ili m'foni. Mlimi amene akudikira uthenga wa feteleza wa FISP pa foni, kwa iye kusowa tawa ndi kutsekeredwa kunja chaka chonse. ZICTA ili ndi thumba la Universal Access and Service Fund, limene makampani amaponyamo ndalama kuti netiweki ifike kumene malonda okha sangaifikitse. Starlink, intaneti yodzera pa satelayiti, inafika mu Zambia mu Okutobala 2023 ndipo siifuna tawa, koma mtengo wa mbale yake si wa mlimi wa ku Vubwi, komanso nayo imagwira ntchito ndi laisensi ya boma lomweli.

Ofuna mavoti ayamba posachedwa kufika ndi zitenje ndi malonjezo a mijigo. Inu ndinu aphunzitsi, mukaimirira anthu amakhala chete. Dzawafunseni zitatu: thumba lija lamanga matawa angati m'dera lino, adzavomera kuti bungwe lomvetsera mafoni lichoke pansi pa ofesi ya Pulezidenti, ndipo adzanena poyera kuti intaneti sidzatsekedwa tsiku la masankho? Mdzukuluyo ajambule mayankho awo, tsiku ndi malo zilembedwe.

Sabata ya masankho ikamayandikira, lembani manambala a ana ndi a akulu a mpingo m'kope, tapani ndalama pang'ono pa booth mukhale nayo m'thumba, ndipo wailesi ikhale ndi mabatire atsopano kuti Breeze FM kapena Radio Maria zizimveka. Mdzukulu akabwera pa holide, akuikireni PIN pa foni ndi kukuonetsani mmene VPN imayatsidwira. Mundiperekere moni kwa amayi kunyumba.