Amayi maondo anatha, kodi ndingakawaimire pa muster drill ya m'sitima?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina wa ku Lizulu. Ndaidula pang'ono, koma mfundo zake ndi izi:

"Achimwene anga amene ali ku Durban atigulira matikiti a sitima yapamadzi, ine ndi amayi, ulendo wa masiku 4 wokaona zilumba za ku Mozambique mu Disembala muno. Amayi ali ndi zaka 78, maondo anatha ndi nyamakazi, amayendera ndodo ndipo masitepe safuna n'kuwaona komwe. Ndamva kuti tsiku loyamba aliyense amapita ku muster drill. Kodi sindingawasiye m'chipinda ine n'kukawaimira? Chingerezi samva, akatolako chiyani? Komanso achimwene akuti pa fomu tisalembe zoti amavutika kuyenda, angawakanize kukwera."

Achemwali, zikomo polemba. Muster drill ndi phunziro la zoyenera kuchita pakagwa ngozi m'sitima. Kuwaimira kokhako sizitheka. Uwu si msonkhano wa kwa amfumu woti pabanja pakapita mmodzi ndiye kuti nonse mwafika. Aliyense wokwera amapatsidwa khadi lakelake, lomwe ndi kiyi wa chipinda, chitupa komanso chogulira zinthu m'sitimamo, ndipo khadilo amaliwerenga ndi kamakina mwini wake ali pomwepo. Amene sanaoneke amamuitana pa zokuzira mawu, amamulondola kuchipinda, n'kumuchititsa payekha. Wokanitsitsa, kaputeni ali ndi mphamvu zomutsitsa sitima isananyamuke. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe zambiri chonchi ndi malangizo a achimwene anuwo. Ndifikako.

Muster station ndi malo amene anakukonzerani kuti mukasonkhane pakagwa ngozi. Amawatchula ndi chilembo kapena nambala, ndipo mukazipeza pa khadi lanu ndi pa mapu amene amamata kuseri kwa chitseko cha chipinda. Chizindikiro cha ngozi n'chimodzi pa sitima zonse: hutala imalira kafupikafupi ka 7, kenako kamodzi kotalika. Kale anthu onse ankafola panja pafupi ndi maboti, majekete opulumutsira ali m'khosi, dzuwa likuswa mtengo. Chiyambire nthawi ya Covid-19 makampani ambiri anasintha: mumaonera kanema pa TV ya m'chipinda kapena pa foni, kenako n'kuyenda kupita ku muster station kukawerengetsa khadi. Njira ikhale yakale kapena yatsopano, ulendo wochoka kuchipinda kukafika pamalopo ulipo ndithu, ndipo kwa amayi phunziro lonse lagona pa ulendo umenewo.

Lamuloli si la kampani ayi. Lili m'pangano la maiko lotchedwa SOLAS, lomwe linayamba mu 1914, patatha zaka 2 Titanic itamira, ndipo lero limayang'aniridwa ndi bungwe loona za maulendo apanyanja la IMO ku London. Poyamba linkalola kuti drill ichitike nthawi iliyonse pasanathe maola 24 anthu atakwera. Pa 13 Januwale 2012 sitima ya Costa Concordia inanyamuka pa Civitavecchia ku Italy madzulo, ili ndi anthu opitirira 4,200, n'kuomba mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio usiku womwewo. Mazana a anthu amene anakwera tsiku limenelo anali asanaphunzitsidwe, drill yawo inali ya mawa lake. Anafa anthu 32. N'chifukwa chake kuyambira pa 1 Januwale 2015 lamulo likuti drill izichitika sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka kumene.

Musati izi ndi za ku Ulaya zokha. Nyanja yamchere yomwe mukukayendamoyo inameza Oceanos pa 4 Ogasiti 1991, ikuchokera ku East London kupita ku Durban komweko. Onse 571 anapulumuka, koma kaputeni anachoka anthu akadali m'sitima, ndipo oimba amene analembedwa ntchito yosangalatsa alendo ndi amene anatsala kufoletsa anthu kuti akwezedwe m'mahelikopita. Nafenso kuno tili ndi Vipya yathu ya 1946 imene inapita ndi anthu 145 kumpoto kwa nyanja. Sindikukuopsezani. Sitima zimenezi zimapita n'kubwera chilimwe ndi dzinja, ndipo msewu wa M1 pakati pa Lizulu ndi Dedza ndimauopa kuposa nyanja. Ndikungofuna muone kuti theka la ola limeneli sanalikhazikitse pofuna kuzunza nkhalamba.

Tsopano za fomu. Ndikuuzani zimene ndinachita ine, kuti inu musazibwereze.

Zaka zingapo zapitazo ndinayenda ulendo ngati wanuwu ndi bambo anga. Anali ndi zaka 81, mwendo wakumanzere ukukoka chifukwa cha sitiroko. Bambo ndi Mngoni wa kwa Kachindamoto, ndipo paunyamata wawo anakagwira ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela. Pa fomu panali funso loti kodi pali wina wofunika thandizo pakagwa ngozi. Nditawamasulira anandiyang'ana ndi diso lija.

"Iwe, ine ndinkatsika kunsi kwa nthaka usanabadwe. Lero undilembe kuti sindingatsike masitepe?"

Ndinachonga poti ayi. Mwana sutsutsana ndi bambo ako pa nkhani ya mphamvu zawo, ndimo tinaleredwera.

Tsikulo litafika tinakhala phee m'chipinda mpaka hutala italira. Drill inali ya njira yakale, onse nthawi imodzi. Tikafika pa chikepe, pali wantchito akubweza anthu kuti adzere pa masitepe, monga mmene zingakhalire pangozi yeniyeni. Chipinda chathu chinali nsanjika 4 pamwamba pa muster station. Bambo anagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja awiri, ine ndodo yawo kukhwapa, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina, kupuma. Kumbuyo kwathu khamu ngati Lizulu tsiku la msika, ena kutilambalala, ena kung'ung'udza m'zilankhulo zawo. Titatsika nsanjika 2 bambo anangokhala pansi pakona, mwendo ukunjenjemera, thukuta kamukamu. Ndinayang'ana wotchi, patha mphindi zoposa 15.

Mnyamata wina wantchito, wa ku Philippines, anaimba wailesi yake ya m'manja, ndipo posakhalitsa kunabwera anzake awiri ndi mpando wa malamba wotsitsira munthu pa masitepe. Anawanyamula mwaulemu kwambiri. Koma funso limene anandifunsa mnyamatayo limandibayabe: bwanji agogowa sali pa mndandanda wathu? Ndinangoti kukamwa yasa.

Madzulo ake bambo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ku mgodi munthu sunkatsika osasiya nambala yako pamwamba. Amatero kuti mwala ukagwa adziwe amene watsala pansi." Mawa lake anandiuza okha kuti ndiwaperekeze ku Guest Services, ofesi yothandiza alendo m'sitimamo, akalembetse.

Ntchito ya mndandandawo ndi imeneyo basi. Sitima ili ndi gulu la antchito amene pakagwa ngozi udindo wawo ndi kupita ku zipinda za anthu olembedwawo ndi mipando ija. Sayenda kugogoda zitseko zonse kufunsa ngati muli agogo a nyamakazi, amapita kumene kwalembedwa. Chikepe pangozi sichigwiritsidwa ntchito, chifukwa magetsi akazima chimaima pakati, ndipo kukakhala moto utsi umadzaza mmenemo. Sitima ikapendekeka, khonde lomwe munayenda bwinobwino masana limasanduka Khwekhwerere. Mwina mumtima mukuti zikavuta ndidzawabereka, ndi mayi anga. Ndikumvetsa. Koma nonse awiri mudzakhala mutavala majekete otukumuka kutsogolo ndi kumbuyo, pa masitepe opanikiza, ndipo mukagwa mwagwetsanso onse akutsogolo.

Achimwene anu akuopa zosaopsa. Sitima zimenezi zimadzaza ndi okalamba, a ndodo, a njinga zokankha, ena a njinga zamagetsi. Kuyendera ndodo sikuletsa munthu kukwera. Chimene makampani amafuna n'chakuti amene sangathe kudzisamalira akhale ndi womuperekeza, popeza antchito a m'zipinda si anamwino, sasambitsa munthu kapena kumutengera kuchimbudzi. Womuperekezayo ndinu. Choncho achimwene aimbire kumene anagula matikiti, apemphe fomu ya anthu ofunika thandizo lapadera, ilembedwe padakali masabata. Afunsenso ngati kungapezeke chipinda chapafupi ndi chikepe komanso chosatalikirana ndi muster station. Zipinda za zitseko zazikulu ndi bafa lopanda chopunthwitsa zimakhala zochepa ndipo zimatha msanga. Tsiku lokwera mukabwerezenso ku Guest Services, muuzenso amene amakonza chipinda chanu. Pepala likhoza kusokonekera, koma munthu amene wawaona amayi ndi maso saiwala.

Njinga yokankha ganizirani zobwereka yanuyanu ku Durban, ngakhale amayi akane. Sitima zoterezi kutalika kwake kumapitirira mamita 250, mabwalo a mpira awiri ndi theka, ndipo chipinda chikhoza kukhala kumchira, chodyera kumutu. Njinga za m'sitima kawirikawiri amasungira pokwera, potsika ndi pangozi. Ndipo ngati mukupita pa basi kudzera pa chipata cha Dedza, Tete mpaka Beitbridge, kenako Johannesburg kutsikira ku Durban, mapazi a amayi adzafika atatupa ngati mitanda ya mandasi. Fikani kudakali masiku 2 kuti apume. Musachoke pa basi n'kulunjika kudoko.

Pa tsiku la drill musadikire hutala ngati ine. Nthawi amalengeza pasadakhale. Nyamukani kudakali theka la ola, zikepe zikuyenda, mukafike anthu asanadzaze, mupemphe mpando. Okalamba ndi aulumali amawakhazika pansi, saimitsidwa pamzere. Ikatha musathamangire kutuluka, lolani khamu lipite. Kenako, tsiku lomwelo kapena mmawa mwake kukadali zii, yendani ndi amayi njira ya masitepe pang'onopang'ono, muyang'ane wotchi, muone pamene akutopera. Akalephera pakati, bwererani pa chikepe, mwadziwa chimene mumafuna kudziwa, ndipo mukauze a Guest Services kuti amayi masitepe sangathe n'komwe.

Za Chingerezi zisakudetseni nkhawa. Ngakhale ochimva amatolapo zochepa, zokuzira mawu zimachita phokoso. Inu mverani, kenako muwauze m'Chichewa muli awiri. Kulira kwa hutala muwachenjeze kusanachitike, chifukwa kumagonthetsa m'khutu ndipo munthu wa BP akhoza kudzidzimuka. Werengani nawo limodzi, kafupi ka 7, katali kamodzi. Chilembo cha muster station chimangirireni ku chinthu chakwawo, B akhale wa Bembeke, D wa Dedza. Jekete avale ndi manja awo, osati kungoonerera, apeze okha pamene pali lamba, wezulo ndi kanyali. Zala za nyamakazi nthawi zina zimakanika kutseka chomangira, ndipo ndi bwino muzidziwe masana. Sitima zina majekete amasunga mu wodilopu ya m'chipinda, zina ku muster station komweko, ndiye funsani. Lembaninso kapepala m'Chingerezi konena dzina lawo, chilembo cha muster station, mankhwala amene amamwa, ndiponso kuti amalankhula Chichewa chokha, mukaike pamodzi ndi khadi pa chingwe cha m'khosi. Simudzakhala nawo mphindi iliyonse, nanunso mudzafuna kukaona nyanja.

Pali china chimene makanema awo sanena chifukwa sadziwa amayi athu. Munthu wamayi wa zaka 78, wa Mvano kapena wa Chigwirizano, kugwidwa m'khwapa ndi anyamata achilendo, kukwezedwa pampando chitenje chikutseguka, akhoza kukana ngakhale madzi ali m'maondo. Kambiranani nkhaniyi muli ku Lizulu konkuno, inu ngati mwana wamkazi mungathe kuiyamba bwino kuposa achimwene. Avale buluku kapena tayiti mkati mwa chitenje, ndi nsapato zotseka zosaterera, mapatapata akhale a m'bafa. Pafupi ndi chitseko pazikhala kachikwama kamodzi: mankhwala, magalasi, kabuku ka kuchipatala, duku, ndi juzi ija amavala mu Juni. Panyanja usiku kumazizira ngakhale mu Disembala. Mankhwalawo musawaike m'sutikesi pokwera, masutikesi amafika kuchipinda mochedwa, nthawi zina drill itatha kale.

Chotsiriza simunafunse, koma chikukhudza maondo omwewo. Pa zilumba ngati Portuguese Island, kufupi ndi Inhaca, palibe doko. Sitima imaima patali, anthu amatsikira m'timaboti ta mphira, n'kukatsika pamchenga mapazi ali m'madzi. Amene anakwerapo Ilala malo opanda jeti akudziwa mmene boti limavinira pamene ukuponda. Mafunde akakula, antchito akhoza kukaniza amene savutika n'komwe kuyenda. Muwauziretu amayi kuti tsiku limenelo mwina adzatsala m'sitima. Bambo anga anatsala, anapeza mpando wa pamthunzi, tiyi akubwera yekha, ndipo pobwera ine wothodwa ndi dzuwa anandiseka.

Achimwene muwatumizire zimene ndalembazi pa WhatsApp, fomuyo ikonzedwe sabata ino. Mukabwerako mundilembere, mundiuze kuti amayi anatenga mphindi zingati.