Funsani Tiyankhe: Kuwonjezera Sitandade 1 pa mkombaphala

Funso: Ndili ndi sukulu ya mkombaphala ku Senga Bay, Salima. Makolo akufuna ndiyambitse Sitandade 1 kuti ana asamachoke. Ndiyambire pati? Ndine mayi wa ku Senga Bay.

Yankho: Mayi, maofesi ake ndi awiri. Mkombaphala umayang'aniridwa ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, pomwe pulayimale ili m'manja mwa Unduna wa Zamaphunziro. Pitani kaye ku ofesi ya maphunziro ku khonsolo, adzayendere malowo musanalembe mwana ngakhale mmodzi.

Chomwe chimagwetsa ambiri kunyanjako ndi zimbudzi. Dothi lake ndi lamchenga, ndiye dzenje losamangira limagumuka mvula ikalimbikira. Kumbani dzenje lozungulira, mulimangire njerwa kuchokera pansi, pamwamba muike silabu ya simenti. Bowo likhale laling'ono, loti phazi la mwana wa zaka 4 lisalowemo. Cha anyamata pachokha, cha atsikana pachokha, ndipo zitalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposerapo.

Sitandade 1 ndi ya ana a zaka 6. Makolo adzakuchondererani kuti mulembe wa zaka 4 poti amatha kuimba afabeti. Musalole, dzanja lake silinakhwime pogwira pensulo. Mphunzitsi akhale wodutsa ku koleji yophunzitsa aphunzitsi (TTC), ndipo muziwonjezera kalasi imodzi yokha pachaka.

Pa za fizi, kumbukirani mphepo ya mwera. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti asodzi salowa m'madzi kawirikawiri, ndalama zimasowa. Usipa ukamaphedwa wambiri, sungani malipiro a aphunzitsi a miyezi iwiri.