Chaja ya jump starter ikasowa musangobayapo ya laputopu chifukwa yalowa

Achimwene, mwati chaja ya jump starter yanu, kachipangizo kaja kolizira galimoto batire ikafooka, inasowa posamuka ku Matawale kupita ku Chinamwali, nde mwapeza kuti ya laputopu ya mwana wanu ikulowa bwinobwino pabowo, mukufunsa ngati mungatchajire imeneyo kapena mugule iti. Ndaona ena mmakomentimu akuti bola yalowa ingobayani, ayi chonde dikirani kaye. Ma chaja ambiri a laputopu amatulutsa 19V, a HP ndi Dell ambiri 19.5V, pomwe ma jump starter ang'onoang'ono otchajira pa kabowo kozungulira aja ambiri amafuna 15V, ena 14V. Mukaika 19V pamenepo mwina mumva kafungo kopserera kenako ziii osayakanso, ndipo apo nde mwachita mwayi, chifukwa mkatimo muli batire ya lithium ndipo imeneyo ikalandira moto wopyola muyezo imatha kutupa ngakhale kuyaka kumene. Kulowa kwa pini sikutanthauza kanthu, mapini ofanana amagwiritsidwa ntchito pa 5V, 9V, 12V mpaka 24V.

Simunatiuze mtundu wake, nde itembenuzeni muone kumbuyo kapena pansi, pamakhala sitika kapena tizilembo ting'onoting'ono tomwe timafuna tochi ya foni kuti muwerenge. Fufuzani pomwe palembedwa INPUT kapena IN, kutanthauza moto wolowa. Osati OUTPUT, osati manambala akuluakulu onyengerera ogula aja a 1000A kapena 68800mAh, amenewo sakukhudzana ndi chaja. Pa INPUT mupeza zinthu ngati 5V/2A, 15V/1A, 14V/1A, ena amalemba zingapo monga 5V/9V/12V ngati ili ya USB-C. Ziwerengero ziwiri zimenezo, cha V (ma volts) ndi cha A (ma amps), ndi zomwe mupite nazo ku town, jambulani pa foni osadalira mutu.

Komanso muonetsetse kuti bowo lomwe mwalowetsamo pini ya laputopulo ndi lolowera motodi. Ma jump starter ambiri a ku China aja ali ndi mabowo awiri ozungulira, lina laling'ono lolembedwa IN 15V, lina lalikulupo lolembedwa OUT 12V/16V/19V lomwe ntchito yake ndi kupatsa moto laputopu magetsi akazima. Nde n'kutheka pini yanuyo ikulowa bwino chifukwa mwaibaya potulukira. Ndipo bowo lalikulu la buluu lija lokhala ndi kachivindikiro ka labala, polowa nthambo zokhala ndi zopanira zofiira ndi zakuda, limenelo si lotchajira ngakhale pang'ono, limapita molunjika ku batire yamkati.

Ngati pa INPUT palembedwa 5V ndipo bowo lake ndi ngati la foni, micro USB kapena Type C, basi vuto mulibe, musawononge ndalama kufuna chaja yapadera. Mutu wa chaja ya foni wabwino wa 2A ndi kebo yolimba zikwanira. Ngakhale za dzina ngati NOCO GB40 zimatchajira pa USB, zatsopano zawo za GBX ndi Type C. Ena amaopa kuti fast charger ya Samsung kapena Tecno iotcha, ayi, ma chaja amenewo amayamba ndi 5V nkumakwera pokhapokha chipangizo chapempha chokha, bola ikhale ya orijino osati zopepuka ngati mulibe kanthu mkati zomwe zimalembedwa 3A koma zikutulutsa theka la ampu. Mukagwiritsa ya 1A itchajabe koma konzekani kudikira. Tiyerekeze ya 12000mAh, imeneyo ndi pafupifupi 44Wh, pa chaja ya 5V 2A yomwe ndi 10W idya ma ola asanu kapena kuposerapo, pa 1A wirikizani kawiri, nde ndi mmene ESCOM imachitiramu mungathe masiku awiri isanadzadze.

Chinthu china chomwe chimapusitsa anthu pa Type C, ma jump starter otchipa ena satchaja mukagwiritsa kebo yokhala Type C mbali zonse ziwiri. Mkati mwake opanga anasiya timaresista tiwiri tomwe timauza chaja kuti tulutsa moto, nde chaja imangokhala duu ngati sipanalumikizidwe kanthu, inu nkumati yafa. Yesani kebo wamba ija ya mutu waukulu wa USB mbali ina, Type C mbali inayo, nthawi zambiri imadzuka pompo.

Tsopano ngati ili ya kabowo kozungulira, apa nde pofunika kudekha. Ma volts akhale omwewo ndendende. 15V ndi 15V basi. Ma adapta a decoder ndi a router omwe ali mbwee m'nyumba zathumu ambiri ndi 12V, sangaotche kanthu koma sangaidzadzenso, mwina nyale iziphethira tsiku lonse nkuima pa timizere tiwiri, tsiku lomwe mudzaifune ku Thondwe usiku idzangoti kliki kliki. Ma amps ndi nkhani ina, amenewo chaja ikhoza kukhala nawo ofanana kapena ochulukirapo. Zili ngati ufa m'thumba, wophika amatapa womwe ukukwana poto wake, thumba likakula sizitanthauza kuti nsima ichuluka, vuto limabwera ufa ukachepa. Nde pa 15V/1A mukapeza 15V/2A tengani, koma 15V/0.5A isiyeni, izitentha mpaka kupsa.

Kenako pali kakujambula kakang'ono pa sitika, kadontho pakati ndi kachizungulire ngati chilembo C, mbali ina + mbali ina -. Kameneko kakukuuzani kuti positive ili pakati pa pini kapena kunja. Zambiri positive imakhala pakati koma si zonse, ma adapta ena monga a zipangizo zoimbira amakhala motembenuza, ndipo mavenda ambiri saziyang'ana zimenezi. Onani kuti kakujambula ka pa chaja ndi ka pa jump starter kakufanana. Ngati pa jump starter sanajambule, pafupifupi nthawi zonse ndi positive pakati, komabe ngati kabuku kake mukadali nako onanimo.

Kukula kwa pini nakonso kumavuta chifukwa pali 5.5 x 2.1mm ndi 5.5 x 2.5mm zomwe ndi maso simungasiyanitse, kunja n'zofanana koma kabowo kamkati kamasiyana, ya 2.5 imalowa pa 2.1 koma imagwedera, moto nkumaduka ukangoigunda pang'ono. Zina ndi kapini kowonda ka 3.5 x 1.35mm. Nchifukwa chake ine ndimati nyamulani jump starter yeniyeniyo popita kogula, musamangofotokoza ndi manja kuti kapini kake n'kotere.

Chenjezo limodzi pa nkhani ya ma volts. Mukaona pa INPUT palembedwa 12.6V kapena 16.8V, manambala osazungulira choncho, dziwani kuti imafuna chaja yeniyeni ya lithium osati adapta wamba. Selo imodzi ya lithium imadzadza pa 4.2V, nde maselo atatu ndi 12.6V, anayi ndi 16.8V, ndipo chaja yake ndi yomwe imadula moto yokha ikadzadza, zija zokhala ndi kanyale kofiira komwe kamasanduka kobiriwira. Zoterezi zimapezeka kwa ogulitsa ma drill a batire ndi matochi akuluakulu, muzifunsa ndi nambala yakeyo.

Koma ngati yanu ili chimkoko cholemera chija chokhala ndi chogwirira, geji ya singano kutsogolo, mwina ndi kompresa yopopera matayala, imeneyo si lithium, mkati muli batire ya lead yotsekedwa ngati za mu UPS, kabokosi kaja kosungira moto wa kompyuta magetsi akazima, kawirikawiri 12V 17Ah kapena 18Ah. Ma chaja ake amakhala ang'ono dala, 500mA kapena 1A, amatchaja pang'onopang'ono tsiku lathunthu ndi theka ikakhala inatheratu. Pa zimenezi zija ndanena za ma amps ochuluka musazitengere patali, khalani pafupi ndi nambala yomwe yalembedwa chifukwa zotchipa zina mulibe chodulira moto mkati, chaja yaing'onoyo ndi yomwe imateteza batire. Ndipo 12V yeniyeni siingadzadze batire ya 12V, imafuna 13.8V mpaka 14.4V. Ubwino wake mtundu umenewu mutha kuutchaja ndi chaja ya batire ya galimoto kudzera pa zopanira zake, swichi ili ON, mutaika pa moto wotsika ngati 2A. Kokhako musakaisiye kwa anyamata otchajitsa mabatire kuti ailumikize pamzere umodzi ndi mabatire a ma lole, aiphika. Njira imeneyi ndi ya lead yokha, ya lithium musayerekeze. Komanso ngati chaja inasowa kalekale ndipo yakhala miyezi yambiri yopanda moto, mwina batire yamkatiyo inauma kale, musadabwe mukagula chaja koma osasunga moto. Jump starter yamtunduwu imatsegulidwa ndi sikuludiraiva nkusintha batire yokhayo, ogulitsa za sola ndi ma UPS amakhala nazo.

Za kogula. Muno mu Zomba yambani kwa anyamata okonza mafoni ndi ma wailesi kumsika waukulu ndi m'mashopu a zamagetsi mu town, funsani adapta ya 15V. Kunena zoona 15V ndi yosowerapo kusiyana ndi 12V ndi 19V, nde akakuuzani kuti palibe funsani universal ya laputopu, ija yokhala ndi kaswichi kosankhira 12, 15, 16, 18, 19, 20 ndi 24V komanso timitu tambiri tosinthasintha. Imagwira ntchito bwino, koma mukaika pa 15 matanipo tepi pa kaswichiko, m'nyumba ya ana kaswichi kotere sikakhalitsa malo amodzi, tsiku lina mudzapeza kali pa 24. Zikakanika muno, ku Limbe simungalephere, tumani munthu wa minibasi kapena wa Sienta yemwe mumamudziwa koma mumutumizire chithunzi cha sitika ndi cha bowo. Njira ina ndi kugula adapta ya ma volts oyenera ngakhale pini ikhale yosiyana, wokonza ma wailesi adule nkuwotcherera pini yoyenera, ndi ntchito ya mphindi zochepa, bola asatembenuze mawaya.

Musalipire musanayeze. Aliyense wokonza zamagetsi ali ndi mita yoyezera ma volts, amene alibe ameneyo musamupatse katundu wanu. Aike pa DC, waya wofiira mkati mwa pini wakuda kunja, ionetse pafupi ndi 15. Ikaonetsa ka minus kutsogolo kwa nambala ndiye kuti positive ili kunja. Ine zolembedwa pa ma adapta a pa benchi sindizikhulupirira mpaka mita ilankhule. Mukabaya koyamba khalani pomwepo kwa mphindi khumi kapena makumi awiri mukugwiragwira, kufunda pang'ono n'kwabwinobwino, koma ikamatentha moti dzanja silikupirira zulani.

Onaninso mbali ya magetsi a pakhoma. Kwathu kuno ndi 230V, 50Hz, soketi ya mapini atatu ngati ya ku UK. Chaja yolembedwa 100-240V ilibe vuto. Koma ngati mwaganiza zopempha wachibale wa ku America kuti akutumizireni ya orijino, muuzeni awerenge, zina za kumeneko makamaka za ma jump starter a lead ndi 120V yokha, mukabaya kuno imaphulika nthawi yomweyo. Za ku Joni ma volts ndi ofanana ndi athu, pulagi yokha ndi yomwe imafuna adaputa. Ndipo magetsi akazima zulani pakhoma, pobwera paja amabwera ndi ukali, ma chaja ambiri amafera pamenepo.

Podikira kuti mupeze chaja, fufuzani mu kachikwama kake kapena mu dashibodi, ambiri amabwera ndi kebo yachiwiri yobaya poyatsira ndudu m'galimoto ndipo anthu amaiwala kuti ilipo. Imeneyo imatchaja injini ikulira chifukwa alternator, yomwe imatchaja batire ya galimoto, imatulutsa pafupifupi 14V, ulendo wa ku Blantyre kupita ndi kubwera iwonjezera ndithu. Injini itazima musaisiye pamenepo. Ya USB nde n'kosavuta, kachaja ka foni ka m'galimoto kapena USB ya pa sola ya kunyumba zikwana.

Musanawononge ndalama iliyonse, iyikeni pa tebulo muione ngati ikukhala mosalala. Ikakhala yatupa pamimba, pulasitiki yayamba kutseguka m'mbali kapena ikununkha ngati mankhwala, musagulenso chaja, imeneyo yatha ndipo musaigoneke m'nyumba kapena kuiponya pamoto wa zinyalala. Zambiri zimatupa chifukwa chosiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa la Okutobala lija, pansi pa mpando bola koma pa dashibodi ayi. Ikakhala ili bwino, muziitchaja pakatha miyezi itatu iliyonse ngakhale simunaigwiritse ntchito, komanso mukangojampira galimoto tsiku lomwelo ibwezereni moto, makamaka nthawi ya chisanu cha Juni ndi Julaye pomwe mabatire otopa amakana kuliza mmawa, a ku Chawe ndi kumtunda konse akudziwa.

Mwatinso Vitz yanuyo mwakhala mukuijampa pafupifupi mmawa uliwonse chaja isanasowe. Pamenepo pitani kwa wa magetsi a galimoto akayeze, batire yabwino itagona usiku imaonetsa 12.6V kapena pafupi, ikamaonetsa 12.0 kutsika ndiye yatopa kapena pali chomwe chikuba moto usiku ngati wailesi kapena alamu yolumikizidwa mwachidule. Injini ikulira pakhale pakati pa 13.8 ndi 14.4V, pakachepa vuto ndi alternator kapena lamba wake. Ponyani chithunzi cha sitika ya kumbuyoyo ndi mbali yomwe kuli mabowo mu gulu momuno, tikuuzani chaja yeniyeni yoti mukafunse.